KODI WOTSIRIZA AYENERA KUCITA MANYAZI?

Tsiku limene maina a opambana mayeso apacikidwa pa cipupa, maso a onse amathamangira pamwamba, ndipo iye amene apeza dzina lace kunsi amabwerera kwao ataweramitsa mutu. Kodi manyazi otere ali oyenera? Anthu a ku China anali kusankha akapitao a boma mwa mayeso kwa zaka zoposa 1,000, kufikira mwambowo unalekeka m'caka ca 1905. Cotero cinenero cao cisunga mau ambiri onena za munthu wotsiriza, ndipo mauwo sagwirizana onse.

Ena ali a cipongwe. Wotsiriza amamucha daoshu diyi, ndiko kunena woyamba powerenga kucokera kumbuyo. Amamuchanso diandi, cinthu coyalidwa pansi kuti zina zikhale pamwamba pace.

Koma pali mwambi wina wozama koposa. M'masiku a mafumu a Song, amene analamulira kuyambira 960 kufikira 1279, munthu wina dzina lace Sun Shan anapita ku mayeso pamodzi ndi mwana wa mnansi wace. Sun Shan anapambana, koma dzina lace ndilo linatsiriza mndandanda. Mnzaceyo sanalembedwe konse. Pofika kumudzi, atate wa mnyamatayo anamfunsa za mwana wao. Iye anayankha kuti mndandanda unathera pa iye mwini, ndipo mwanayo anali kuseri kwace. Kufikira lero Achina amati ming luo Sun Shan, dzina lagwa kumbuyo kwa Sun Shan, ponena za wolephera mayeso. Munthuyu akadatha kudzitama pamaso pa nkhalambayo, popeza anapambana ndithu. Koma anayamba wachula kucepa kwa malo ace, kuti mbiri yowawa ilowe m'khutu mofewa.

Liu lina ndi dian, lochulira asilikari oyenda pambuyo pa khamu pothawa nkhondo. Zaka 484 Kristu asanabadwe, ankhondo a dziko la Lu anathawa pamaso pa ankhondo a Qi. Meng Zhifan anatsalira kumbuyo kuchinjiriza anzace, pa malo pamene adani amayamba kufika. Poyandikira cipata ca mzinda anakwapula kavalo wace, nauza anthu kuti si kulimba mtima kumene kunamcedwetsa, koma kavaloyo anali kukana kuthamanga. Mphunzitsi wamkuru Confucius anamtamanda cifukwa ca kusadzitama kumeneku.

Pamenepa paoneka kuti kutsiriza si cinthu cimodzi. Alipo wotsalira cifukwa ca ulesi, amene anagona pamene anzace anali kuwerenga. Ameneyo asabisale kumbuyo kwa Meng Zhifan, pakuti manyazi ace ali oyenera, ndipo angamcize ngati awamvera. Alipo wotsalira atayesa ndi mphamvu zace zonse. Ameneyo alibe mlandu. Aliponso wotsalira dala, monga mwana woyamba amene aleka sukulu nayamba nchito kuti abale ace ang'ono apeze ndalama za sukulu. Dzina lace silidzapacikidwa pa cipupa ciri conse, koma iye ndiye waima pakati pa banja lace ndi umphawi.

Mndandanda wa mayeso umangonena malo amene munthu waima. Sunena cimene camuimika pamenepo. Cimeneco acidziwa ndi mwini wace, ndipo nciyenera kuti adzifunse moona asanaweramitse mutu kapena kuutukula.