Mphaka sadziwa holide

Naphiri, sendera kuno, foniyo uyambe waiika pansi. Zithunzi ndaziona. Amphaka ako ndi okongola, sindikukana. Wakudayo ndi wamawangayo, onse ubweya see, zikuoneka kuti dzanja lako si louma. Mayi ako andiuza kuti unawatola ali tiana kuseri kwa msika wa pa boma, mvula ikugwa, ndipo tsopano amagona kumiyendo kwako m'kachipinda ka lendi pafupi ndi koleji. Mtima umenewo ndi wabwino. Munthu wodutsa kanthu kolira m'ngalande osacheuka, ameneyo ine ndimamuopa. Koma walira mvula walira matope. Lero tikambe za matopewo.

Tiyambe tawerenga zaka. Maphunziro ako a uphunzitsi ku Kasungu kuja ndi a zaka ziwiri. M'kati mwake muli nthawi yoti akutumize ku sukulu ina kukayeserera kuphunzitsa. Kaya ndi ku Chamama, kaya ku Santhe, kaya ku Chulu, wosankha sudzakhala iwe. Mphaka wosamalidwa bwino amakhala zaka 12, ena mpaka 15. Udzamaliza koleji. Udzayamba ntchito, udzasamuka, mwina udzakwatiwa n'kubereka. Mphakayo adzakhala alipobe, akukudikira pakhomo m'mawa uliwonse.

Iwe unakulira m'fodya, ndiye undimva. Kutola mphaka kuli ngati kufesa nazale. Mbewu ya fodya ndi kafumbi, yodzaza bedi lonse imakwana pa chikhatho. Kufesa ndi kwa tsiku limodzi, ndipo aliyense amasekerera. Koma amene wafesa mu Seputembala wavomera kutunga madzi kudambo m'mawa ndi madzulo dzuwa likuswa mtengo. Wavomera kuwokera, kupalira, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha, kudinda pa jeke, mpaka belo likalowe ku Chinkhoma mwezi wa Epulo utadutsa. Atate ako sananenepo kuti nazale idikire, iwo apite kaye kukacheza ku Mzimba. Nanga iwe pano uli kuno, amphakawo ali ndi yani? Wati unasiyira mnzako wa chipinda choyandikana, ndi kapaketi ka bonya. Mnzakoyo nayenso ali ndi kwawo. Lachisanu akakwera minibasi, mbale ija idzauma. Mphaka sadziwa holide, mdzukulu wanga. Njala yake ya mu Disembala ndi yomwe ija ya mu Juni.

Ndaona ana a sukulu ambiri akubwera ndi tiagalu, akalulu, nkhunda, maso ali ng'aning'ani. Sukulu ikatsegulira, khola limatsalira agogo. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Sindikudandaula. Ndikungokuuza kumene msewu umenewu umathera, poti ine ndinauyenda kale.

Kuno kumudzi mphaka sitinkamugoneka pa mphasa, koma tinkamupatsa ulemu wake. Anali mlonda wa nkhokwe. Unali usanabadwe chaka cha 2002, pamene njala inagwira Kasungu pakhosi, anthu n'kumadya gaga ndi zitsa za nthochi. Chaka chimenecho ndi pamene tinadziwa mtengo wa chisononkho chimodzi. Khoswe akalowa m'nkhokwe samangodya, amawononga ndi kukodzera zotsalazo. Amaboola matumba, amatafuna chiguduli cha belo, amadya ndi makope omwe. Ndiye ukati chilowereni amphakawo m'chipinda mwako makoswe anasiya kuseweretsa mabuku ako, ndikukhulupirira. Ntchito akugwira. Wantchito amadya.

Pali bodza limene anthu amanena, loti mphaka umumane chakudya kuti azisaka bwino. Usalimvere. Mphaka amasaka chifukwa ndi chibadwa chake, ngakhale atakhuta. Ukamumana sapita kwa khoswe, amapita kwa anapiye a eni ake, poti mwanapiye sathawa. Ndipo nsima yokha simusunga. Galu angapirire mkute, koma mphaka thupi lake ndi la nyama. Mupatse bonya, usipa, matemba, mitu ya nsomba, timafupa tolimba utachotsa, ndi madzi abwino m'kambale kake. Ndiwo zokazingira anyezi ndi adyo usamupatse, zimamuwononga magazi. Mkaka wa ng'ombe amaukonda, koma ambiri akakula umawatsegula m'mimba.

Tsono usipawo wogula ndi yani? Kandalama kako ka mwezi ndimakadziwa. Kamachokera m'belo la atate ako, ndipo belo limalira kamodzi pa chaka. Pofika Januwale, nthawi ya feteleza ndi aganyu, m'nyumba muno mumakhala mulibe ndi ya sopo yomwe. Usamawerengere fodya amene akadali m'munda. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Tenga kope, ulembe lendi, makala, ufa, mapepala a kusukulu, thiransipoti. Chotsalacho ndicho chikuuze kuti ungathe amphaka angati. Chikakuuza kuti mmodzi, usatsutse.

Tsopano mvetsera bwino, poti apa ndiye pagona nkhani. Wati mmodzi ndi wamkazi, wina wamwamuna. Ukuganiza kuti poti ndi a bere limodzi adzachitirana manyazi? Nyama ilibe chibale chotero. Mphaka wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, iwe ukumuona ngati mwana. Bere lake ndi la masabata 9 okha. Amaswa ana anayi, asanu, nthawi zina kuposa apo. Pa chaka akhoza kuswa kawiri kapena katatu. Ndiwe wa sukulu, werenga wekha. Kachipinda kako kaja, kamene bedi ndi mbaula zimagundana, kadzasanduka khola chaka chisanathe. Tiana timeneto timabadwa maso otseka, timatsegula patapita sabata ndi masiku, ndipo sitichoka pa bere mpaka miyezi iwiri. Udzatikonda tonse. Udzayenda nato khomo ndi khomo, anthu akukukana. Mapeto ake ndi thumba la saka ndi ulendo wa usiku wopita kutchire. Amene anataya awiri ako aja kuseri kwa msika sanali mfiti ayi. Anali munthu wamtima ngati wako, amene anachedwa kuganiza. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Njira ilipo, ndipo si yachilendo. Ng'ombe zathu za pangolo timazifula, mbuzi timafula. Mphaka wamwamuna nayenso amafulidwa, ndipo akafulidwa amachepetsa kuyendayenda usiku, ndewu ndi kukodzera m'makona. Wamkazi amam'chita opaleshoni kuti asaswenso. Imeneyo si ntchito ya lezala ndi mnyamata wa pamudzi. Ndi ya dokotala wa ziweto. Masiku ano ku Bunda akuphunzitsa madokotala oterewa, ndipo ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA limene limagwira ntchito yomweyi kwa agalu ndi amphaka. Yamba wapita ku ofesi ya za ziweto pa boma pomwepo, ukafunse kumene ungapeze thandizo ndi mtengo wake. Usachite manyazi kuti akuseka mtsikana wobwera ndi nkhani ya mphaka pamene ena abwera ndi ya ng'ombe. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ukafika kumeneko ufunsenso za katemera wa chiwewe. Anthu amati chiwewe ndi cha agalu, ndipo n'zoona kuti ambiri amachitenga kwa galu. Koma mphaka wolumidwa ndi galu wodwala, kapena nkhandwe, amachitenganso, n'kuchibweretsa pa bedi pako. Kuno tili pafupi ndi nkhalango ya Kasungu, zinyama zimadutsa m'minda usiku. Alangizi a ziweto akalengeza za katemera, nyamula amphaka ako upite nawo, ndipo kapepala kamene akupatse ukasunge pamodzi ndi masatifiketi. Pa 28 Seputembala chaka chilichonse dziko lonse limakumbutsana za matendawa, ndiye nyengo imeneyo uzitchera khutu. Mphaka kapena galu wosadziwika akakuluma, ngakhale kukukanda mpaka magazi, tsuka balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako thamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Osati mawa. Chiwewe chikayamba kuonekera m'thupi, mankhwala ake kulibe. Ndinaonapo mwana akuopa madzi a m'chikho, ndipo sindikufuna kukufotokozera zambiri.

Safunsa anadya phula. Mphaka akadwala, usamugawireko Panado wako pomumvera chisoni. Mbulu umene umachiza mutu wako, iye umamupha. Usamuwazenso mankhwala a kudimba kapena a ng'ombe pofuna kupha nthata. Ndipo chenjera ndi tameki. Mankhwala amenewo ife tinawadziwira ku fodya, anthu n'kuwasandutsa ophera makoswe, timchenga takuda m'timapepala ta pamsika. Mnzako wa chipinda china akathira pa nsima kuti aphe khoswe, nsimayo angaipeze ndi mphaka wako, ngakhale mwana wa eni nyumba wokwawa. Kambiranani poyera. Nyumba imene muli mphaka, tameki asalowemo.

Za ukhondo sindichulutsa, mayi ako anakuphunzitsa. Beseni lakale, mchenga wouma, kutaya tsiku ndi tsiku, kusamba m'manja. Ukaona pakhungu pake pathothoka ubweya mozungulira, samala, zipere zimenezo zimalumphira kwa munthu. Ndipo tsiku lina ukadzakhala woyembekezera, chimbudzi cha mphaka azidzataya ndi wina. Muli tizilombo timene tingavulaze mwana m'mimba. Ukabwera ndi amphakawo kuno nthawi yosankha fodya, m'shedi asalowe. Ogula amabweza belo chifukwa cha nthenga ya nkhuku kapena kachingwe ka pulasitiki, nanga fungo la mkodzo wa mphaka?

Kwatsala anthu. Nyumba ukukhalayo ili ndi mwini wake. Kodi unawapempha amayi aja usanalowetse ziweto? Ukuyang'ana pansi, ndiye kuti sunatero. Upite ukagwade, unene zoona. Akakana, kwawo n'kwawo. Ukudziwanso zimene anthu athu amanena akaona mphaka wakuda pa mpanda usiku, maso akuwala. Mwana wa khomo lina akatentha thupi, zala zimayamba kuloza. Ine ndakalamba ndi amphaka pakhomo pano, ndipo sindinaonepo mmodzi akuuluka pa lichero. Maso ake amawala chifukwa anapangidwa kuti aziona mumdima, basi. Lamulo la dziko lino, lochokera mu 1911, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Koma lamulo limakhala ku khoti, pamene iwe madzi ukutunga pa mpope umodzi ndi anthuwo. Usakangane nawo, usawatche osaphunzira. Uziwapatsa moni. Usiku uzitsekera amphaka ako m'nyumba. Akagwira mwanapiye wa munthu, lipira tsiku lomwelo, osadikira kuti akutumizire mawu. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Ndikudziwa chimene chinakukokera kwa tinyamati. Pa boma anthu ndi ambiri, koma wokufunsa kuti wadzuka bwanji ndi wosowa. Usiku uli pa makope, magetsi azima, kakandulo kakutha, kanthu kofunda kakakhala pamiyendo pako mtima umatsika. Zimenezo si zauchitsiru. Koma wati ukaweruka umathamangira kuchipinda, sukhalanso ndi anzako okambirana nawo za mayeso, kukwaya unasiya. Apo ndiye ndakwinya nkhope. Ukagwidwa ndi malungo, mphaka adzagona pambali pako, koma sadzakuphikira phala, sadzakuitanira kabaza. Mutu umodzi susenza denga. Bwerera kukwaya.

Tsono tamva chimene ndagamula, ndipo atate ako ndawauza kale. Wakuda uja, wamwamunayo, abwere kuno. Nkhokwe yanga ilibe mlonda chifere wakale uja, ndipo kuno palibe amene angandiloze chala pa ukalamba uno. Koma abwere atabayidwa katemera ndiponso atafulidwa. Umunyamule m'dengu lotseka bwino, osati m'manja, poti phokoso la minibasi lidzamuthawitsa. Akafika tidzamutsekera m'nyumba masabata awiri, azidya momwemo, kuti aiwale njira ya pa boma. Wamawangayo khala naye, ngati eni nyumba avomera. Umupititse kwa dokotala mwezi uno usanathe, asanayambe kulira usiku kuitana amuna. Ndalama yake ndigulitsa atambala awiri, theka linalo uchotse pa ya mayunitsi. Kumene adzakutumize kukaphunzitsa, udzapite naye. Akadzakukaniza kumeneko, udzabwere undiuze nthawi ilipo, usadzamusiye pa khonde la anthu. Tsopano tenga foniyo, umuimbire mnzako uja, umufunse ngati adya lero.