Ichi chakoma, ichi chakoma

Akuluakulu anati, "Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada." Pusi anagwa chifukwa chofuna kugwira zipatso zonse nthawi imodzi. Choncho amene akufuna kuchepetsa thupi asathawe phwando la tsiku lobadwa, koma asankhe. Ngati mtima uli pa keke, adye kachidutswa n'kumwera madzi. Mpunga, tchipisi ndi nkhuku yokazinga asaziunjike m'mbale imodzi. Bungwe la WHO limalangiza kuti shuga wothira m'zakudya asapitirire magalamu pafupifupi 50 patsiku kwa munthu wamkulu, pomwe mabotolo awiri a zoziziritsa kukhosi ndi keke zapyola kale muyesowo.

Ena amati tsiku limodzi silinenepetsa munthu. N'zoona, koma limakhaladi limodzi? Loweruka ukwati, sabata yamawa chinkhoswe, ndipo keke wotsala mufiriji amadyedwa mpaka Lachitatu. Enanso amaopa kukhumudwitsa mwini phwando, ndipo manthawo ndi omveka, pakuti kwathu kuno kukana chakudya kumaoneka ngati mwano. Komatu kulawa si kukana. Mayi amene wakhalira pamoto kuyambira mbandakucha amakondwa ukalandira mbale ndi manja awiri, n'kudya pang'ono, n'kunena kuti, "Zikomo amayi, mwaphika bwino, ndakhuta."