Madzi a ku Balaka amayambira ku Mvai

Munthu wa ku Balaka akamatunga madzi pampopi m'mawa saganizako za mapiri a ku Ntcheu. Komatu madzi akugwera m'ndowa yakewo achokera kumeneko, ku damu la Mpira, m'munsi mwa nkhalango ya Mvai. Ndikanakhala ndi mphamvu, aliyense womwa madziwa ndikanamutenga kuti akadzionere yekha.

Ukaima pakhoma la damulo umasilira nzeru za amene analimanga. Damu lili pamwamba, midzi ili kunsi, choncho madzi amatsetsereka okha m'mapaipi mtunda wautali mpaka kuchigwa kotentha kuja, komwe mijigo ina imatulutsa madzi amchere.

Koma ukakweza maso kumapiri mtima umasweka. Uku zitsa, uku minda yakwera mpaka pamalo otsetsereka kwambiri, uko utsi wa makala ukufuka. Mvula ikagwa panthaka yopanda mitengo silowa pansi kuti izidzatuluka pang'onopang'ono m'chilimwe. Imathamanga ndi dothi n'kukalikhuthulira m'damu, malo osungira madzi n'kumachepa chaka ndi chaka. Mu 2018 damuli linaphwa, mipopi inauma, amayi n'kubwerera kumitsinje ndi kumizere ya pamjigo.

Pamenepa ambiri amathamangira kuloza chala owotcha makala. Ine ndikukana kuti mlandu uthere pomwepo. Madzi sakwera phiri. Banja lokhala kumtunda kwa damu ndilo timaliuza kuti lisadule mtengo, lisalime m'mbali mwa mtsinje, lisatenthe tchire, chonsecho madzi amene likutetezawo akutsikira kwa ena. Nanga makalawo amakathera pambaula ya yani? Ndi ife tomwe a m'tauni, amene timanenerera mtengo wa thumba mpaka wogulitsa atagonja, mawa lake n'kumadandaula kuti mpopi wauma. Bambo amene wakankha njinga ya makala usiku wonse sakudana ndi nkhalango ayi. Akufuna fizi ya mwana ndi thumba la feteleza.

N'chifukwa chake ndikuti gawo lina la ndalama zimene timalipira madzi lizibwerera kumtunda, kumidzi yozungulira Mvai. Ligule ming'oma ya njuchi, lisamalire mbande mpaka zitakula osati kungodzala pa tsiku la mwambo, likumbe mijigo kumene mapaipi sangafike, lilipirenso anyamata a m'midzi yomweyo olondera nkhalango mwezi ndi mwezi. Bilu yanga itakwera pang'ono pa chifukwa chimenechi, ndingalipire mosanyinyirika.