KODI AKUNJA AYENERA KULEMEKEZA CIPEMBEDZO CATHU?

M'midzi yambiri Akristu adandaula kuti akunja atipeputsa. Tikasonkhana kupemphera tsiku la Sabata, iwo aomba ng'oma. Tikakana mowa wa padima, atiseka. Tsono ena mwa ife ati, Tikawanenere kwa mfumu kuti awalange. Tiyeni tiyambe tayesa mlandu uwu tisanapse mtima.

Pali zinthu ziwiri zosiyana: kucitira munthu ulemu, ndi kubvomereza cimene akhulupirira. Coyambaco ndi mangawa a munthu ali yense kwa mnzace. Wakunja alakwa akatukwana Mkristu, kapena akasokoneza mapemphero dala, pakuti ngakhale mwambo wa makolo uletsa kunyoza mnansi. Koma caciwirico sitingathe kumkakamiza. Munthu amene sanaone ubwino wa Uthenga, adzaugwadira bwanji? Mtumwi Paulo analalikira ku Atene, ndipo ena anamseka pakumva za kuuka kwa akufa. Iye sanawasumira kwa akuru a mudzi. Anacoka pakati pao, ndipo Dionisio ndi Damarisi ndi ena anakhulupirira. Akuru anati, Fupa lokakamiza liswa mphika.

Tikumbukirenso William Koyi, mlaliki wocokera ku Lovedale, amene anafika m'dziko lino m'caka ca 1876, nakhala pa Njuyu pakati pa Angoni a M'mbelwa kuyambira 1882. Masiku amenewo Angoni anali anthu a nkhondo, okana sukulu. Koyi anamwalira mu 1886, ndipo oyamba pa Njuyu anabatizidwa mu 1890, iye ali m'manda. Komatu Angoni aja, ngakhale sanatembenuka m'masiku ace, anamlemekeza ndithu, cifukwa cakuti anali wofatsa, wosaopa, ndi wonena zoona. Ulemu umenewo sanacita kuupempha. Mayendedwe ace ndiwo anaubala.

Tsono tidzifunse tokha. Mkristu akabwereka mbeu nakana kubweza, akamenya mkazi wace, akamka usiku kukaombeza ula, wakunja alemekeze ciani? Iye sadziwa za m'Buku. Aona zocita zathu. Ndiponso ife amene tifuna ulemu, kodi tiupereka? Ana athu aseka nkhalamba yothira nsembe pakacisi, kapena Msilamu wosala kudya m'mwezi wa Ramadani, ndipo ife tikhala cete. Kunsembe sitipita ai, ndipo cifukwa cace tinena poyera; koma kukana ndi kwina, kunyoza ndi kwina. Nkhalamba ija ingakhale ndiyo inalera amai athu.

Cifukwa cace, abale, ng'oma zikatisautsa pa Sabata, akuru a mpingo apite kwa mfumu ndi kwa eni ng'oma, akhale pansi, nakambirane mwaulemu monga anansi. Zimenezo tiyenera kupempha. Koma kuti alemekeze cikhulupiriro cathu m'mitima mwao, imeneyo ndi nchito ya Mzimu Woyera ndi ya mayendedwe athu. Ambuye atithandize kuyenda koyenera.