Kodi kunamiza mbalame ndi bodza?



Holide yapitayi mng'ono wanga anandikokera ku Chitakale kuti ndikamusankhire sipika. Iye amanyamula zikwama za alendo okwera phiri kuchokera ku Likhubula. Ndalama zake ndi zimene zimagula ufa pakhomo, ndipo ndisabise, ndi zomwenso zimandikweza minibasi pobwerera kusukulu. Anati, "Achimwene, inu mwaphunzira, ndisankhireni yabwino. Si yovinira ayi, ndi yoitanira mbalame."

Pali alendo ena amene Sapitwa alibe naye ntchito, iwo amadzera mbalame basi. Amafuna kuona Thyolo Alethe, kambalame kamanyazi kokhala pansi m'nkhalango zowirira ngati za ku Ruo, komanso Yellow-throated Apalis, kamene padziko lonse kamapezeka ku Malawi kokha, m'mapiri a Mulanje, Zomba ndi Malosa. Mng'ono wanga anaona wolondolera alendo wina akuliza kulira kwa mbalame pa kasipika, mbalame n'kutulukira poyera, mlendo n'kujambula, dzanja n'kupita m'thumba. Mnzakenso wina anali atayamba kale kupempha kuti azidzabwereka akamakatchera ulimbo.

Mbali yosankhayo sinandivute. Timbalame ting'onoting'ono timalira mawu opyapyala, ndiye bass imene ogulitsa amaitamayo ilibe phindu, chofunika n'chakuti mawu azituluka oyera. Yolowa memory card imaposa yodalira Bluetooth yokha, makamaka zija zimayamba zalankhula Chingerezi mokuwa ukangoziyatsa, chifukwa mbalame imathawa usanayambe n'komwe. Batire ikhale yokhalitsa, ndipo pa mvula ndi chiperoni cha kwathu kuno pamafunika yolembedwa IPX, yosalowa madzi msanga. Kulira kwa mbalamezo kumapezeka kwaulere pa xeno-canto kapena pa Merlin. Zonsezi ndinafotokoza monyadira ndithu.

Ndiye wogulitsa anaseka n'kunena kuti, "Bwana, ndi iyi mbalame zizibwera ngati zalodzedwa." Mawu amenewo anandikhala mumtima. Kodi mbalameyo imabwera chifukwa chiyani?

Yamphongo ikamayimba imakhala ikulengeza kuti dera lino lili ndi mwini wake, kapena ikuitana yaikazi. Ikamva nyimbo ya mtundu wake pafupi, imaganiza kuti mdani walowa pakhomo. Imasiya kudya, imasiya kusakira ana chakudya, n'kuthamangira kukamenyana ndi mdani woti kulibe. Chimene mlendo amajambula ndi mbalame yokwiya komanso yamantha. Ife tayiuza zabodza m'chilankhulo chake chomwe.

Poyamba ndinadziyankha mosavuta. Kusaka n'kololedwa, Surah Al-Maidah ndime 4 ikukamba za nyama zophunzitsidwa kusaka. Ndipo ulenje uliwonse uli ndi kuchenjerera: nyambo pa mbedza, ulimbo pa nthambi, msampha wokwiriridwa ndi masamba. Agogo athu ankaitana mbalame ndi mluzu. Ku nyanja ya Chilwa mabanja ambiri amadalira mbalame za m'madzi, makamaka nsomba zikasowa ngati mmene zinalili nyanja itauma mu 1995. Ine si shehe, ndipo sindingayerekeze kutchula haramu chinthu chimene Allah sanaletse. Munthu wosaka ndiwo za ana ake sindingamuloze chala.

Komabe mtima sunakhazikike, ndipo ndikuganiza kuti chifukwa chake ndi ichi. Mluzu wa agogo unali ndi malire. Mpweya umatha, milomo imatopa, ndipo luso limenelo linali la anthu ochepa. Sipika sitopa. Imabwereza mawu enieni a mbalameyo tsiku lonse, ndipo aliyense amene ali ndi foni angathe kutero. Njira za m'phiri ndi zomwezomwezo, kotero mbalame imodzi ya m'mbali mwa njira ikhoza kunamizidwa ndi gulu la m'mawa, la masana ndi la mawa lake. Nkhalango nayonso ikuchepa ndi moto, makala ndi macheka. Kwa kambalame koti kwina kulikonse kulibe, zimenezi si zamasewera.

Ndinakumbukira hadith ya mwa Abu Dawud imene tinaphunzira ku madrasa. Maswahaba ali paulendo anatenga tiana tiwiri ta mbalame, make n'kumazungulira akukupiza mapiko. Mtumiki (SAW) atabwera anafunsa amene wayivutitsa mbalameyo, n'kulamula kuti tianato tibwezedwe. Taonani, palibe mbalame imene inaphedwa pamenepo. Chimene anafunsa ndi nkhawa ya make. Ndiye kuti kuvutika kwa mtima wa mbalame kumawerengedwa. Surah Al-An'am ndime 38 ikutiphunzitsa kuti zouluka ndi mitundu ngati mmene tilili ife, ndipo Surah An-Naml ndime 16 ikusimba kuti Mneneri Sulaiman (AS) anaphunzitsidwa chilankhulo cha mbalame. Ife tangopeza mawu ake pa memory card, tanthauzo sitikulimva. Tikukuwa m'mudzi mwa eni ake osadziwa chimene tikunena.

A ustadh athu ankakondanso kutisimbira za wophunzira wina amene anayenda ulendo wautali kukatenga hadith kwa munthu. Atafika anamupeza akukopa chiweto chake ndi nsalu yopindidwa ngati muli chakudya, chonsecho mulibe kanthu. Wophunzirayo anabwerera osatenga hadith ngakhale imodzi. Ndili mwana ndinkaona ngati anawonjeza. Pano ndikumva kuti nkhawa yake inali pa munthuyo: amene wazolowera kunamiza chinthu chosatha kudandaula, bodza limamupepukira.

Zonsezi ndinamuuza mng'ono wanga tili pa msewu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Ndamva achimwene. Koma mlendo akapanda kuona mbalame, ya minibasi yanu ichokera kuti?" Ndinasowa chonena. N'kosavuta kukhala ndi mtima woyera pamene thukuta akukhetsa ndi wina.

Sipika tinagula, koma kakang'ono kuposa onse, koti sikangakuwe kuposa mbalame yeniyeni. Tinapangana zinthu zingapo. Aziyamba wadikira ndi kumvetsera, sipika izikhala yomalizira. Aziliza pang'ono pokha, mbalame ikangooneka azithimitsa, ikapanda kubwera aziyisiya. Asamalize pafupi ndi chisa kapena akaona mbalame itanyamula chakudya kukamwa, ndipo nyengo yoswana, imene kwa mbalame zambiri za m'nkhalango za m'phiri imayamba mvula ikamayandikira, sipika izitsala kunyumba. Mnzake wa ulimbo uja asamubwereke, chifukwa ukagwira kholo pa nthawi imeneyo wapha chisa chonse ndi njala.

Kodi pamenepa bodza latha? Ayi, tangolichepetsa, ndipo sindikufuna kudzinamiza kuti talisambitsa. Chimene ndaphunzira n'chakuti funso lakuti "n'zololedwa kodi?" likayankhidwa, pamatsala lina: ndani akulipira mtengo wake, ndipo angathe kudandaula? Mbalame singapite kwa amfumu. Mng'ono wanga ali m'phiri yekha, ine sindimuona, koma alipo Amene akuona.

Inuyo mukanakhala ine pa Chitakale paja, mukanagula? Allah ndiye Wodziwa koposa.