Anyamata a pa Msewu wa ku Joni

Werengani Genesis 21:14-21

Kamba yense amene Hagara anapatsidwa anali mkate ndi thumba limodzi la madzi. Madziwo anamuthera m'chipululu cha Beereseba, ndipo anagoneka mwana wake Ismaele pansi pa chitsamba n'kukakhala chapatali, posafuna kuona mwanayo akutsirizika. Pangano linali la Isake, osati la Ismaele. Komabe kulira kwa mnyamatayo kunamveka kumwamba, ndipo Mulungu anatsegula maso a mayi ake kuti aone chitsime.

M'midzi ya ku Mangochi ndi ku Machinga, anyamata ambiri achiyawo, ochuluka mwa iwo Asilamu, amalawira ndi kachikwama kamodzi kupita ku Joni. Minda yachepa, feteleza ndi wodula, ndipo chambo cha m'nyanja ya Malombe chinasowa kalekale. Amadzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, ena opanda mapepala, ndalama ya ulendo ili yangongole. Akafika ku Johannesburg kapena ku Durban amagwira ntchito m'mashopu, amasoka, amasamalira maluwa m'nyumba za eni, n'kumagona mothithikana m'chipinda chimodzi. Wogwidwa wopanda mapepala amakatsekeredwa ku Lindela. Mu 2015, alendo ataukiridwa ku Durban, boma la Malawi linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu ake.

Nkhani ya Hagara si yachilendo kwa anyamatawa. Msilamu akapita ku Makka amayenda kasanu ndi kawiri pakati pa mapiri a Safa ndi Marwa pokumbukira mayi ameneyu akusaka madzi. Pamenepa pali poyambira kucheza. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti ambiri a ife Akhristu okhala ku Joni timakumana Lamlungu, kuimba nyimbo zakwathu mokoma, kenako n'kumudutsa mnyamata wa ku Namwera pa siteji ngati sitikumva kuti akuyankhula chinenero cha kwathu.

Wofika kumene amasowa pogona, womuperekeza ku chipatala, womuuza za bwana amene salipira antchito. Mukamuitana kudzadya, musaphike nkhumba, ndipo ikakwana nthawi ya swala mupatseni malo aswali. Nsima yanu isakhale nyambo. Munthu wanjala akhoza kuvomera chilichonse, koma kuvomera kotero sikutembenuka mtima, ndipo Ambuye sanatitume kukagula anthu. Tsiku limene adzafunse chifukwa chimene mukumuchitira zonsezi, musachite manyazi. Iye amamudziwa kale Yesu ngati mneneri Isa, mwana wa Mariamu. Muuzeni modekha chimene inu mumakhulupirira, kuti Yesuyo anafa pamtanda nauka, ndipo mumvetserenso iye akamayankha.

Lero ganizirani mnyamata mmodzi amene mukumudziwa, kapena mayi wa m'mudzi mwanu amene akudikira foni yochokera ku Joni, ndipo mum'tchule dzina popemphera.

Pemphero: Atate wakumwamba, yang'anirani ana a eni amene ali pa ulendo usiku uno. Atetezeni kwa akuba a pa malire ndi kwa mabwana ankhanza. Tonthozani akazi ndi ana amene atsala kumudzi. Tipatseni mtima wotsegula khomo, ndi mawu oyenera tikafunsidwa za Mwana wanu. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.