Tisadikire Maliro Kuti Tilemekeze Okalamba Athu

Mawu: Levitiko 19:32, Luka 2:25-38



Masiku apitawa ife amayi a kuno kunyanja tidaperekeza kumanda gogo wina amene tonse tinkangowatchula kuti Aphunzitsi. Adatisiya atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 100. Tiyeni tikumbukire moyo wawo, ndipo tidzifunse ngati tidawachitira zoyenera.

Ali mnyamata adalembedwa usilikali wa King's African Rifles, umene makolo athu ankautcha Keyala. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ya 1939 mpaka 1945, idatenga anyamata ambiri a dziko lino. Ena adakamenya nkhondo ku Ethiopia mu 1941, ena ku Madagascar mu 1942, enanso ku Burma mu 1944. Aphunzitsi adali m'gulu la ku Burma. Mwana wozolowera bwato la usipa adakwera sitima pa nyanja yamchere, masiku ambiri osaona mtunda. Kumeneko adakumana ndi mvula yosakata, matope, malungo ndi kamwazi. Anzawo ena adatsala komweko, ndipo amayi awo sadaone ngakhale manda.

Atabwerako adatula mfuti natola choko. Adakaphunzira zauphunzitsi ku mishoni ku Malindi, ndipo adaphunzitsa m'midzi ya m'mbali mwa nyanja mpaka kupuma. Ambirife tidadutsa m'manja mwawo. Tikukumbukira perete wa m'mawa, kuyang'ana zikhadabo, ndi masamu pansi pa mtengo wa mango. Mwana wa Mkhristu ndi mwana wa Msilamu ankakhala pa benchi limodzi, chilango chofanana, chikondinso chofanana. Mtsikana akasiya sukulu, ankayenda okha wapansi kukakambirana ndi makolo ake. Enafe tidavala yunifolomu ya unamwino chifukwa cha maulendo amenewo.

Pa maliro awo anthu adadzaza. Nkhata zidachuluka, makwaya adaimba usiku wonse, olankhula adatamanda mpaka dzuwa kupendeka. Koma amayi, tinene chilungamo pamaso pa Mulungu. Zaka zawo zomaliza Aphunzitsi ankakhala ndi mdzukulu mmodzi, maso atachita ng'ala. Tsiku lina awirife titakawaona, tidapeza bala pa chidendene litatha masabata osatsukidwa. Nyumba yawo idali pafupi ndi tchalitchi, moti nyimbo zathu ankazimva ali pamphasa. Tikutsuka balalo adatiuza kuti chimene chinkawawawa kwambiri si mwendo ayi, koma kukhala tsiku lonse osamva odi pakhomo. Tidabwerera kunyumba mitu ili pansi.

Pa boma la Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi, pali mfuti ya sitima ya Gwendolen, sitima imene idaombera sitima ya Ajeremani pa nyanja yathu ino mu Ogasiti 1914. Ku Zomba kuli nsanja yokumbukira asilikali a Keyala, ndipo mwezi wa Novembala chaka chilichonse dziko limakumbukira amene adafa pa nkhondo. Zimenezi ndi zabwino. Komatu chitsulo sichimva njala, ndipo nsanja siisowa wocheza naye. Amene amamva njala ndi kusungulumwa ndi gogo amene ali kuseri kwa nyumba yathu.

M'buku la Levitiko Mulungu akulamula kuti tiziimirira pamaso pa munthu wa imvi, ndipo m'ndime yomweyo akutiuza kuti tizimuopa Iye. Ziwirizi adazimanga mtolo umodzi. Sitinganene kuti timaopa Mulungu uku tikulambalala khomo la nkhalamba. Onaninso mu Luka. Yesu atabwera naye ku Kachisi ali khanda, amene adamuzindikira adali Simeoni ndi Anna, mayi wamasiye wokalamba ndithu amene sankachoka m'Kachisi. Anthu amphamvu zawo adangodutsa. Makolo adati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Tikataya okalamba, moto wa m'mabanja mwathu udzazimira kuti?

Chomvetsa chisoni n'chakuti m'madera ena a dziko lathu okalamba amenyedwa, ena kuphedwa kumene, powanamizira ufiti. Ife amene tidagwirapo ntchito m'chipatala tikudziwa kuti ukalamba umabwera ndi matenda oiwalaiwala. Gogo amatha kudzuka usiku, kusochera, kulankhula zosamveka, ngakhale kuiwala mwana wake. Amenewo ndi matenda, ndipo wodwala amafunika chisamaliro. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza okalamba, koma lamulo silingaphike phala kapena kuchapa zofunda. Imeneyo ndi ntchito ya manja athu.

Tsono tichite chiyani? Choyamba, nthambi iliyonse ya Mothers' Union ilembe maina a okalamba onse a m'dera lake, a mpingo wathu ndi a zipembedzo zina omwe, ndipo tigawane makomo kuti sabata isathe gogo osaona mlendo. Chachiwiri, popita tisangonyamula nyimbo. Titenge sopo, kaufa ndi nkhuni. Tiyang'ane kumapazi ndi kumsana. Wogonera tizimutembenuza maola awiri alionse kuti asachite zilonda. Ng'ala imachotsedwa kuchipatala, choncho tiwaperekeze. Tiwadziwitsenso ansembe athu kuti akawapatse Ukaristia kunyumba. Chachitatu, titenge ana athu kuti akamve mbiri kuchokera pakamwa pa eni ake. Asilikali a nkhondo ija atsala owerengeka, ndipo aphunzitsi akale nawonso akutha mmodzimmodzi.

Aphunzitsi atsiriza ulendo wawo, ndipo kwa iwo tidachedwa. Koma m'parishi iliyonse, kuyambira kwa Mponda mpaka ku Malindi ndi ku Monkey Bay, muli ena amene akudikirabe odi wathu. Tipite sabata ino.

Tipemphere: Mulungu Atate, tikukuthokozani chifukwa cha moyo wautali wa mtumiki wanu. Mumulandire mu mpumulo wosatha. Mutikhululukire pamene tidanyalanyaza okalamba athu, ndipo mutipatse miyendo yopepuka ndi manja achifundo. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.